Mtchona pamsika: zolemba za ku Blantyre

Lachiwiri

Tafika. Basi yatitula pa depoti ya Wenela dzuwa litapendeka, miyendo itatupa, khosi lili gwa. Njira ndi yomwe ija aliyense wa ku Joni amaidziwa: Park Station, mzere wosatha wa pa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, kenako Zobue ndi Mwanza. Pa Mwanza amayi anazinga basi ndi malichero a manachesi, ndipo mwana wanga anangoti nawo khuma, makoko n'kuunjika pamiyendo. Mtsikanayu anabadwira ku Johannesburg, ali ndi zaka 15, ndipo kuno anabwerako ali kumsana. Chichewa amamva bwinobwino koma pokamba lilime limamulemera. Ndiye pa ulendo uno alendo tilipo awiri, iye mlendo weniweni, ine mtchona wodziyesa mwinimudzi.

Tikudikira katundu ndinamuuza kuti agogo anga aamuna ananyamukira dera lomweli. Wenela inali kampani yolemba anthu ntchito za m'migodi ya golide ya ku South Africa. Amuna ankabwera, kupimidwa m'thupi, kudinda chala, ulendo. Mu 1974 ndege yonyamula anthu a m'migodi obwerera kumudzi inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo Amalawi oposa 70 anathera pomwepo. Kamuzu analetsa zolemba anthu zija. Pambuyo pake zinayambiranso, kenako zinatheratu, koma dzina linakanirira pa depoti mpaka lero. Ife a masiku ano palibe kampani yotilemba, timanyamuka tokha ndi pasipoti ya masiku owerengeka.

Achimwene anabwera kudzatitenga pa galimoto ya mnzawo. Amakhala ku Zingwangwa. Kuli chiperoni, kamvula kowaza kaja kolowa m'mafupa, ndipo phiri la Soche silikuoneka n'komwe. Alamu atiphikira nsima ya ufa woyera, nandolo wamuwisi ndi usipa wofutsa. Ati mawa tiwongole kaye miyendo, msika ndi mkuja.

Lachitatu

Lero tinali alendo a makamera. Achimwene anapempha theka la tsiku kuntchito kuti atiyendetse. Tinayambira ku Mishoni, pa tchalitchi cha St Michael and All Angels. Amishoni a ku Scotland anafika pano mu 1876 n'kutcha malowa dzina la kwawo kwa David Livingstone. Tchalitchichi chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi M'busa David Clement Scott, munthu amene sanaphunzire zomangamanga, ndipo njerwa zake anaumba ndi kuwotcha ndi anthu a konkuno. Mwana wanga anajambula njerwa iliyonse. Kenako Mandala House, nyumba ya mu 1882 ya kampani ya African Lakes, khonde lake lalitali kuzungulira. Zokongola ndithu, koma ine mtima unali pa ndalama.

Nditasintha ma rand, chikwama chinatupa moti zipi inavuta kutseka. Pamene ndinkachoka kuno komaliza, K1,000 ya nkhope ya Kamuzu inali ndalama yoti munthu ukaitulutsa wa golosale amakuyang'ana kawiri. K2,000 ya Chilembwe inabwera mu 2016, K5,000 mu 2022. Chaka chomwecho mu Meyi kwacha anaigwetsa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 anaigwetsanso ndi 44 peresenti. Kwa ine wobwera ndi ndalama ya kunja nkhaniyi imandikomera, ndikanama ndikati ayi. Kwa achimwene, amene malipiro awo akuyenda pansi pomwe mitengo ili m'ndege, ndi nkhani ya maliro.

Mu Victoria Avenue ndi momwe anatipeza ana aja. Atatu, mapazi oyera ndi fumbi, wina atavala juzi ya munthu wamkulu manja ake akulendewera. "Mami, njala. Asisi, ndithandizeni." Achimwene sanatembenuke, anangoti kwa mwana wanga, "Foni gwira bwino." Kamnyamata kamodzi kanatitsatira mpaka pokwerera minibasi, osatigwira, kumangoyenda pambali pathu ngati tili limodzi.

Madzulo mtsikana wanga anali phee. Nditamufunsa anati ku Joni opemphetsa amawaona tsiku lililonse pa maloboti, koma amawaonera pagalasi la takisi, ndipo ambiri ndi akuluakulu. Awa akumutchula kuti asisi m'chiyankhulo chimene amamva kunyumba kokha, ndipo wina wafanana ndi msuweni wake.

Lachinayi

Alamu anayamba ndi malamulo tisanatuluke pageti. Chikwama cha m'manja chitsale. Ndalama zikhale zing'onozing'ono, zina pamfundo ya chitenje, zina pachifuwa. Ndolo ndichotse. "Mtengo ndifunsa ndine, alamu. Ndipo uyu asatsegule pakamwa, Chizungu chakecho chitikwezera zinthu." Anamumangirira chitenje pamwamba pa jini, n'kubwerera m'mbuyo kumuyang'ana, n'kupukusa mutu. Ati kayendedwe kokha kamuulula.

Msika wa Blantyre uli kumunsi kwa tawuni, m'mbali mwa mtsinje wa Mudi, ndipo mtsinjewo umayamba kuumva ndi mphuno usanauone. Malonda amayambira kutali ndi geti: anyezi pa masaka oyala pansi, ma chaja a foni pa wilibala, mankhwala a makoswe, masau ndi malambe pa malichero, mnyamata akufuula nsapato atakweza imodzi m'mwamba. Tisanalowe n'komwe tinali titazingidwa ndi ogulitsa majumbo. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala mu 2015, makampani anapita kukhoti, Khoti la Suprimu linagamula mu 2019 kuti chiletsocho chili bwino, koma majumbo a buluu aja ali mbwee, m'manja mwa ana ndiponso mu Mudi momwemo.

Alamu anali ndi chikwama chawo cha saka, ndiye jumbo sitinafune. Kamnyamata kena kanasintha malonda pomwepo: "Ndiye ndikunyamulireni, mami." Kakhoza kukhala ka zaka 11. Majumbo anawakoleka padzanja lamanzere atawapinda bwinobwino, ndalama ali nazo m'kabotolo ka pulasitiki kodula pakamwa, kokoleka m'khosi ndi chingwe, kobisa mkati mwa malaya. Alamu anapangana naye mtengo asanamupatse chikwama, K500, osati pomaliza kuyamba kulira. Anavomera. Anati amakhala ku Mbayani, amayi ake amagulitsa makala a m'timapepala, ndipo kusukulu amalowa masana. Alamu anangoti "Mhm," mawu aja osonyeza kuti amva koma sanameze.

Mnyamatayu msika amaudziwa kuposa alamu. Atamva kuti tikufuna mpunga wa Kilombero anatidutsitsa pa mabenchi awiri osaima, n'kutifikitsa pa wachitatu. "Uwo ndi wosakaniza," anatero motsitsa mawu. Alamu anatapa pang'ono, kupukusa m'manja, kuuzira mpweya, kununkhiza. Kilombero weniweni wa ku Karonga amadziwika ndi fungo asanafike pamoto. Anali weniweni.

Pa nsomba ndinachedwapo dala. Usipa woyanika ndi wofutsa, utaka, bonya wa m'timilu, matemba a ku Chilwa, milamba yowamba yopindidwa mchira kukamwa, yakuda bii ndi utsi. Usipa sugula ndi maso. Umatola kamodzi, kudula mutu, kutafuna. Ukawawa ndiye kuti unayanikidwa kukuchita mitambo, ukalumitsa mchenga ndiye kuti unayanikidwa pansi osati pathandala. Mayi wogulitsayo anandisiya ndilawe milu itatu osadandaula, chifukwa anaona kuti ndikugula wa chigoba, wopita nawo kutali. Amalawi a ku Joni ukabwera kumudzi safunsa za abale ako, amafunsa usipa, Kilombero ndi Nali. Chambo chowamba ndinangofunsa mtengo n'kuseka. Chambo chinachepa m'nyanja, ku Malombe ndiye chinatha kalekale m'zaka za m'ma 1990, ndipo lero ndi ndiwo ya alendo olemekezeka.

Nthochi nazo zandidabwitsa. Ndili mwana, malole ankatsika kuchokera ku Thekerani ndi ku Mulanje atadzaza mikoko, nthochi zinali chakudya cha munthu wopanda ndalama. Matenda a chisaka anapululutsa minda ku Thyolo, ku Mulanje ndi ku Nkhata Bay, alimi anauzidwa kuti azule zonse ayambirenso, ndipo nthochi zambiri zimene zili pamsika pano zachokera ku Tanzania ndi ku Mozambique. Dziko losowa ndalama zakunja likugula nthochi kunja.

Koma pamene ndikufuna kukambapo kwenikweni ndi pa tomato. Mayi wake anali wa msinkhu wanga, mwana kumsana, atakhala pa chidebe chovundikira. Milu anaiyala pa saka, anayi pansi limodzi pamwamba, lililonse atalipukuta ndi kansalu mpaka kunyezimira, mbali yofinyika atayang'anitsa pansi. Ophwanyika anawaika padera m'kabeseni, a mtengo wotsika, omwe amagula ophika m'malesitilanti a mumsika. Alamu anafunsa. K1,000 mulu. Alamu anaseka kuseka kuja kwa kumsika, n'kuyamba kuchoka. "Bwerani, mayi, mupereka zingati?" Anakokana mpaka K800, ndipo titatenga milu inayi alamu anaimabe chilili, chikwama chili yasa, kudikira banyira. Mayi uja anaponyamo tomato awiri ang'onoang'ono.

Alamu akusankha mpiru pa benchi ina, ine ndinatsalira n'kucheza naye. Amadzuka 3 koloko kukakumana ndi magalimoto ochokera ku Ntcheu, nthawi zina ku Bvumbwe. Dengu amapikula ndi ndalama ya ku banki m'khonde, yobweza ndi chiwongola dzanja. Pamenepo achotsepo ya wonyamula, ya minibasi, ya tikiti ya msika imene a khonsolo amadula tsiku lililonse kaya wagulitsa kaya ayi, ndi tomato amene aphwanyika pansi pa dengu, yemwe sumuona mpaka utalipira kale. Tomato sadikira. Wa lero akagona, mawa watsika mtengo, mkuja ndi wa m'kabeseni. Ndinamufunsa kuti tsiku labwino amapita ndi zingati kunyumba. Anati tsiku labwino ndi limene mpamba wabwerera wonse, ndipo pamwamba pake papezeka ya ufa, ya makala ndi ya kandiwo.

K200 imene alamu anagwetsa pa mulu uliwonse, ku Joni sindingapatse ngakhale mnyamata wolondera magalimoto, angandiyang'ane moipa. Ndinawanong'oneza alamu kuti bwanji tingomupatsa mtengo wake. Anandiyankha mokweza, osasamala kuti wina akumva. "Alamu, mlendo ndi mame. Inu mulipira K1,000 lero osanenerera, sabata yamawa muli pa basi. Ine ndikabwera pano andiuza mtengo wanu, ati paja kwanu kuli a ku Joni. Ndiye ndizidya chiyani?" Ndinasowa poyankha, ndipo mpaka pano ndikulemba sindinapapeze. Alamu sanenerera mwankhanza. Malipiro a achimwene amatha mwezi usanafike pakati, ndipo K200 ija mawa ndi mchere. Amene akukokanawo onse ndi ochepekedwa. Wa ndalama yoti n'kuthetsa mkanganowo ndinali ine, ndipo ndinali nditauzidwa kuti ndikhale chete.

Kuseri kwa a ndiwo zamasamba mwana wanga anaima pa benchi ya timapepala tomangamanga. Ankayesa zolawitsa. Ndinamuuza kuti ayi, izi ndiye zogula zenizeni za anthu ambiri mumzinda uno. Ufa wa walkman wokwana nsima imodzi, mafuta ophikira omanga m'kapulasitiki kotalika ngati chala, shuga wa tiyi wa m'mawa umodzi, mchere, soda wa therere, sopo wodula zidutswa. Munthu wa ganyu amalandira madzulo ndipo amagula za madzulo omwewo. Ukawerengera bwino, wogula walkman tsiku ndi tsiku amalipira zambiri pa kilogalamu kuposa wogula thumba lathunthu, ndipo wa thumbayo ndi amene ali ndi ndalama kale.

Mnyamata wathu anasenza chikwama pamutu mpaka pokwerera minibasi, majumbo ake akadali padzanja. Alamu anamupatsa K500 ya pangano. Ine ndinawonjezera K2,000, alamu akuona, ndipo sananene kanthu chifukwa uyu sadzawagulitsa tomato. Sanathokoze msanga. Anayamba wayang'ana uku ndi uku, ndalama ija sanaiike m'kabotolo koma anailowetsa m'kabudula mwamsangamsanga. Pafupi panali anyamata akuluakulu atatsamira khoma. Atatero m'pamene anati, "Zikomo mami. Mukabweranso mundifunse pageti lomwe lija, ndimakhala pomwepo."

Lachisanu

Ku Limbe tinapitira zitenje. Minibasi inatsata msewu wa Masauko Chipembere: Ginnery Corner, chipatala cha Queens, Chichiri, sitediyamu, Maselema. Blantyre ndi Limbe anali matawuni awiri osiyana mpaka 1956 pamene anawaphatikiza, ndipo mpaka lero mitima yawo ndi yosiyana. Blantyre ndi wa mabanki ndi mataye. Limbe ndi wa mahowuselo, malole otsitsa katundu, anyamata a mawilibala okuwa kuti "Njira! Njira!", ndi masikelo a ogula nandolo wopita ku India. Masitolo ambiri ndi a amwenye. M'zaka za m'ma 1970 boma la Kamuzu linawachotsa m'matauni ang'onoang'ono a kumidzi kuti azichita malonda m'mizinda mokha, ndipo ambiri anadzaunjikana kuno.

Pa zitenje alamu ndi katswiri. Amanyowetsa chala ndi malovu n'kutikita pakona kuti aone ngati utoto ukuchoka, amakwinya nsalu m'dzanja kuti amve ngati kulimba kwake ndi kwa thonje kapena kwa sitachi yoti ichoka tsiku lochapa, amatembenuza kuti aone ngati maluwa alowa mbali zonse ziwiri. Zambiri ndi zochokera kunja, ku Tanzania, ku Zambia, ku China. Ndinafunsa za ku David Whitehead, fakitale ya konkuno imene amayi anga ankailumbirira, ndipo anatitulutsira zochepa. Ndagula za amayi a ku tchalitchi kwathu ku Joni, ndi ziwiri zoti telala asokere mwana wanga. Ku kaunjika tinangodutsako, belo la majekete linali litangotsegulidwa kumene ndipo panalibe poponda.

Ndinali nditaiwala kuti lero ndi Lachisanu. Ku Limbe tsikuli eni masitolo ambiri achisilamu amapereka sadaka, ndipo osauka a mzinda wonse amadziwa. Amabwera m'mawa, kuyenda sitolo ndi sitolo mwa mzere: agogo a ndodo, abambo a njinga zopalasa ndi manja, amayi a makanda, osaona otsogozedwa ndi ana. Pakhomo pa sitolo pamakhala wantchito ndi kambale ka ma K50 ndi ma K100, kwina mabanzi. Palibe kulimbana, palibenso kuchonderera kwambiri. Aliyense amalandira yake n'kupita khomo lotsatira, ndipo wantchitoyo amadziwa amene wadutsa kale. Cha kumasana gulu lonse limasunthira kufupi ndi mzikiti kudikira otuluka ku mapemphero.

Tikutuluka m'sitolo ya zitenje tinakumana ndi gogo wina wosaona, dzanja lake lili paphewa pa kamtsikana ka zaka ngati 8. Kamtsikanako kanavala juzi ya yunifolomu ya sukulu pamwamba pa diresi ya kunyumba. Kankayenda mopimira mapazi a gogoyo, pofika pa ngalande kankaima n'kunena kuti "Dumphani," gogo n'kutambasula mwendo. Sanatipemphe n'komwe, ankapita khomo lotsatira. Mwana wanga anapisa m'chitenje n'kutulutsa K5,000 imene ndinamupatsa kuti agulire ndolo, n'kuika m'dzanja la gogoyo. Gogo anaipapasa ndi zala, m'litali ndi m'lifupi, n'kuweramira kwa mwana. "Ndi zingati?" Mwana anamunong'oneza kukhutu. Gogo anakhala kaye chete, kenako anamasula mfundo ya chitenje chake, kuikamo, kumanga kawiri, n'kulowetsa mfundoyo m'chiuno. "Mulungu akudalitseni, mwanangu. Kumene mwachotsako abwezeretse."

Ena anali ataona. Mosakhalitsa tinali pakati pa manja okhaokha, ana akukoka chitenje cha mwana wanga, wina akuti "Inenso asisi," bambo wina akutionetsa bala la pamwendo. Mwana anayamba kunjenjemera. Anatipulumutsa ndi mayi wina wogulitsa mtedza pakhonde, amene anadzuka n'kukalipa ndi mawu oti onse anabwerera m'mbuyo, alamu n'kutikokera m'sitolo ya mapoto. Tinakhalamo kanthawi tikunamizira kufunsa mitengo ya masefuliya.

Nkhani inakula madzulo, pa nsima. Achimwene anayamba mofatsa. Anati boma lakhala likunena kuti tisamapereke ndalama m'misewu, ndipo mabungwe amene amagwira ntchito ndi ana a mumsewu kuno, monga Chisomo Children's Club ndi Samaritan Trust, cholinga chawo ndi kubwezera ana kwawo ndi kusukulu. Mwana akaona kuti mumsewu akupeza zoposa zimene bambo ake amapeza pa ganyu, sabwereranso m'kalasi, ndipo akuluakulu ena amachita kutuma ana dala. Kamtsikana kaja, anatero, lero ndi tsiku la sukulu, ndipo K5,000 ija yatsimikizira a kwawo kuti Lachisanu likudzali kasapitenso. Alamu anati iwo amapereka, koma kwa okalamba ndi olumala okha, ndipo K100 basi, mwakachetechete. Mwana wanga, misozi ili m'maso, anafunsa m'Chichewa chake chothyokathyoka kuti, "Ndiye malume, agogo aja agone ndi njala lero kuti mwana apite kusukulu mawa? Awaperekeza ndani?"

Achimwene sanayankhe zimenezo. Anangoti sukulu ya pulayimale ndi yaulere kuyambira 1994. Alamu, amene ndi iwo amalipira, anawakumbutsa za ndalama ya chitukuko, ya mayeso, makope ndi yunifolomu. Za Mtukula Pakhomo, ndalama imene boma linayamba kupereka kwa mabanja ovutikitsitsa ku Mchinji mu 2006, tonse tinagwirizana kuti ndi ya kumidzi makamaka, gogo wa ku Bangwe kapena ku Ndirande saiwerengera.

Kenako achimwene anati apolisi angosesa onse, mzinda uyere. Pamenepo ndinalowererapo. Kusesa kunayesedwa. Mu 2006, nthawi ya Bingu, Operation Dongosolo inachotsa mavenda m'misewu yonse, ndipo lero taponda malonda awo kuyambira pa depoti mpaka pa msika. Komanso tsache likamadutsa silisankha wopemphetsa ndi wogwira ntchito. Mayeso Gwanda anali venda wa majumbo. Mu 2015 apolisi anamugwira m'bandakucha akupita ku Limbe kukagulitsa, n'kumutsegulira mlandu wa vakabu, lamulo la nthawi ya atsamunda. Iye anakana kungolipira n'kuiwala, nkhani inafika ku Khoti Lalikulu, ndipo mu Januwale 2017 oweruza anagamula kuti gawo limene anamugwirira likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Munthu wodzuka usiku kukasaka ya ufa ndi amene amapezeka mumsewu nthawi yosesa.

Ine maganizo anga ali pena. Sindikumudzudzula mwana wanga, ndalama inali yake ndipo gogo uja adya. Chimene chikundivuta ndi chakuti banja lomweli, dzulo tinalimbana ndi mayi wa tomato mpaka kumugwetsa K800 pa milu inayi n'kumulandanso banyira, lero tapereka K5,000 pa mphindi imodzi. Mayi uja akhoza kukhala pa chidebe kuyambira m'bandakucha mpaka mdima osapeza phindu lofika pamenepo. Mlendo amaona dzanja lotambasula chifukwa lili pamaso pake. Amene wamanga umphawi wake m'milu ya tomato yopukuta bwino amaoneka ngati wa bizinesi, ndipo timamuchita nawo za bizinesi. Komatu dengu limodzi likaphwanyika pa lole, kapena mwana akagonekedwa ku Queens sabata imodzi, mpamba watha, ndipo Lachisanu linalo akhoza kupezeka pamzere wa ku Limbe. Ndinanena zimenezi patebulo. Alamu anati, "Ndiye mawa mukamupatse K800 yakeyo," ndipo tonse tinaseka, koma sankaseka kwenikweni.

Loweruka

Kunja kwayera, chiperoni chapita. Soche akuoneka yense, ndi mikwasa yake yotsika kuchokera pamwamba, momwe munadutsa matope ndi miyala usiku wa namondwe Freddy mu Malichi 2023. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa, ndipo kuno ku Chilobwe ndi ku Manja ndi kumene kunali maliro ambiri. Nyumba zayambanso kukwera phiri, pafupi ndi mikwasa yomweyo. Malo a m'munsi ndi odula, lendi ikukwera, munthu amamanga pamene angathe.

Telala wa pakhonde la golosale watenga miyeso ya mwana wanga, ati madiresi tidzawapeza pobwera ku Ntcheu. Makina ake ndi opalasa ndi phazi, choncho magetsi akazima iye ntchito imapitirira. Pafupi naye pali mayi wokazinga zitumbuwa, amene alamu ati nyumba yake inapita ndi madzi ndipo pano akuchita lendi chipinda chimodzi. Tagula za aliyense, mwana wanga wafunsa yekha mtengo m'Chichewa ndipo walipira osanenerera. Alamu anayang'ana kumbali.

Masana tinali kulongedza. Usipa tauyanikanso padzuwa n'kuukulunga m'manyuzipepala kuti usanunkhitse zovala, mpunga tausokera m'kathumba. Achimwene atapita kukaonera mpira, alamu anabwera kuchipinda, kutseka chitseko, n'kukhala pamphepete pa bedi. Anayamba ndi kuyamika zitenje, kenako za mitengo, kenako anafika. Akufuna kuyamba geni ya kaunjika. Belo la zovala za ana, ati, ndi limene limayenda msanga, ndipo malo awapeza kale pamsika wa Zingwangwa, pafupi ndi mnzawo wa nsapato. Ku banki m'khonde angathe kutengako theka. Theka linalo ndiye amati mwina ine. Anali atalemba zonse kuseri kwa kope la mwana wawo: mtengo wa belo, transipoti kuchokera ku Limbe, tikiti ya msika, ndi zimene akuganiza kuti angamabweze pamwezi kudzera pa Mpamba kapena Airtel Money kwa amayi kumudzi, m'malo mwa ndalama imene ndimatumiza ine.

Ndawauza kuti kope ndilitenga ku Ntcheu ndikaliwerenge bwino, ndipo achimwene ayenera kudziwa. Ati achimwene akudziwa kale, n'chifukwa chake apita ku mpira. Basi ya ku Ntcheu tikwera mawa tikaweruka ku tchalitchi.